Funso Lotayika pa Msonkhano

Phunziro la aphunzitsi, atsogoleri a miphakati ndi onse oyendetsa misonkhano

Anthu akaitanidwa ku msonkhano, pamakhala chinthu chimodzi chimene chawaitanitsa, ndipo chinthucho chingathe kunenedwa m'mau owerengeka. Denga la sukulu likudontha: likonzedwa bwanji? Wodwala wa m'mudzi wakuti alibe womsamala: adzamyendera ndani? Koma si kamodzi kokha kuti dzuwa likapendeka anthu amabalalika atalankhula onse, atatopa, ena atakwiyitsana, funso lija lili chikhalire losayankhidwa. Wina akafunsidwa pa njira kuti, "Mwamanga zotani ku msonkhano?" amangoyankha kuti, "Takamba zambiri."

Nthenda imeneyi siisankha. Imagwira bwalo la mfumu, komiti ya sukulu, mphakati wa mabanja khumi, ndiponso nthumwi zophunzira za maiko aakulu. Ndipo chotayika si nthawi yokha ai. Pakuti pamene anthu akusokera ndi nkhani, denga likudonthabe, wodwala akudikirabe, ndipo kwina magazi akukhetsedwabe. Tsono phunziro ili lilongosola m'mene nkhani imasokerera, zimene zimaisokeretsa, ndi njira zimene anthu akale adapeza zosungira funso kufikira litayankhidwa.

1. Nkhani imasokera pang'onopang'ono

Chitsanzo chiunikira bwino. Pamudzi pena mjigo wathyoka. Mmisiri wauona, ndipo wanena mtengo wa zitsulo zofunika. A komiti ya madzi aitana anthu, wapampando ayala funso: ndalamazo zichokera kuti, ndipo zisonkhedwe pofika liti?

Bambo wina aimirira nati, "Zikomo a wapampando. Ine ndikuti banja lililonse lisonkhe mofanana." Ameneyu wayankha funso. Mai wina alandira mauwo nati, "Mofanana bwanji, bambo, pamene ena amatunga migolo youmbira njerwa, ife timangotunga ndowa ziwiri?" Ameneyu wayankha bambo uja, koma mau ake akali pafupi ndi funso. Woumba njerwa, poona kuti chala chaloza iye, aimirira nati, "Amai, njerwa zanga sizidathyole mjigo. Authyola ndi ana a tsidya lija, amene amaseweretsa chogwirira madzulo onse." Pamenepo mkamwini wochokera tsidya lija sangathe kukhala chete: "Akuluakulu, anawo ali nacho chifukwa chotungira pano, pakuti malo a mjigowo kale udali munda wa agogo ao." Nkhalamba zimva za munda, ziyamba kutchula mitengo ya m'malire ndi maina a mafumu amene adapita kale. Mdima ugwa. M'mawa mwake amai abwerera kukatunga ku dambo, kumene kumamwa ng'ombe.

Mwa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene adadza ndi mtima wosokoneza, ndiponso palibe amene adanena zopanda mutu. Mau a aliyense adalumikizana bwino lomwe ndi mau a amene adangokhala pansi. Vuto lagona pomwepo: yense adayankha mnzake womaliza, osati funso loyamba. Akulu adati, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kuchoka pa ndalama za mjigo kufika pa malire a minda ndi mtunda wautali, umene munthu sangaulumphe kamodzi osadzudzulidwa. Koma anthu anai adaumaliza, yense ndi kadumpho kake kakang'ono, ndipo palibe amene adaona pamene njira idatayikira.

Zimatero chifukwa mau omaliza akali kulira m'makutu, pamene funso loyamba lidamveka kamodzi kokha, anthu ena asanafike n'komwe. Wobwera mochedwa amapeza nkhani ili pa malire, nayesa kuti msonkhanowo ndi wa malire. Ndiponso mau okhudza munthu amayaka msanga kuposa mau okhudza chinthu: amene watchulidwa dzina amaiwala mjigo, nayamba kudziteteza.

2. Tebulo la ku Paris

Wina angaganize kuti zotere zimachitika kumidzi kokha, kumene kulibe mabuku ndi alembi. Mbiri ya nkhondo ya ku Vietnam itsutsa ganizo limenelo.

Dziko la Vietnam lidagawidwa pawiri m'chaka cha 1954. Kumpoto kudali boma la chikomyunizimu, likulu lake ku Hanoi. Kumwera kudali boma la ku Saigon, lothandizidwa ndi America. M'chigawo cha kumweracho mudalinso gulu lankhondo lotchedwa National Liberation Front, limene ambiri ankalitcha Viet Cong, lomenyana ndi boma la ku Saigon mothandizidwa ndi a kumpoto. Pofika 1968 asilikali a America m'dzikomo adaposa 500,000, ndipo m'chaka chimenecho chokha adafa oposa 16,000. Eni dziko amene adafa, asilikali ndi anthu wamba, adali ochuluka koposa pamenepo.

M'mwezi wa Meyi 1968 nthumwi za America ndi za ku Hanoi zidayamba kukumana mu mzinda wa Paris, ku France. Wotsogolera nthumwi za America adali Averell Harriman, wotsogolera za ku Hanoi adali Xuan Thuy. Pa 31 Okutobala mtsogoleri wa America, Lyndon Johnson, adalengeza kuti ndege zake zileka kuponya mabomba kumpoto, ndi kuti zokambiranazo zikuzidwa, kuti boma la ku Saigon ndi a Front alowemo naonso. Msonkhano woyamba udaikidwa pa 6 Novembala. Funso lidali lodziwika kwa aliyense: nkhondo imeneyi ithe bwanji?

Msonkhanowo sudachitike pa tsikulo. Poyamba mtsogoleri wa ku Saigon, Nguyen Van Thieu, adakana kutumiza nthumwi. Ndipo zitafika ku Paris m'mwezi wa Disembala, mkangano udakula pa nkhani ya tebulo. A ku Hanoi adafuna tebulo la mbali zinai zofanana, kuti gulu lililonse likhale ndi mbali yake. A America ndi a ku Saigon adafuna matebulo awiri aatali openyana, kuti kuoneke kuti mbali zilipo ziwiri zokha. Padajambulidwa zithunzi za matebulo a mitundumitundu: lozungulira, looneka ngati dzira, lozungulira koma lodulidwa pakati, lozungulira koma lokhala ndi mzere wa nsalu woligawa. Adakangananso za mbendera, za zikwangwani za maina, ndi za amene adzayambe kulankhula. Potsiriza, pa 16 Januwale 1969, nthumwi ina ya Soviet Union itathandizapo, adagwirizana pa tebulo limodzi lalikulu lozungulira, lopanda mbendera ndi maina, ndi timatebulo tiwiri ta alembi, kena uku kena uko. Msonkhano waukulu woyamba udachitika pa 25 Januwale 1969. Masabata khumi adapita pa zokonzekera zimenezi, nkhondo ili mkati. Ndipo pangano la mtendere lidadzasainidwa mu mzinda womwewo pa 27 Januwale 1973.

Manyuzipepala a m'maiko ambiri adaseka nkhani ya tebuloyo. Komatu nthumwizo sizidali zopusa. Pansi pa tebulo padabisala funso lalikulu limene mbali zonse sizidakonzeke kuliyankha poyera: kodi Front ndi gulu loima palokha, lofanana ndi boma la ku Saigon, kapena ndi dzanja chabe la boma la ku Hanoi? Kuipatsa mbali yakeyake ya tebulo kukadatanthauza kuivomereza. Kuikhazika pamodzi ndi a ku Hanoi kukadatanthauza kuikana. Ndiponso a ku Saigon adali ndi chifukwa china chozengerezera: Richard Nixon adasankhidwa pa 5 Novembala 1968, adayenera kulowa pa mpando pa 20 Januwale, ndipo iwo adayembekeza kuti mtsogoleri watsopanoyo adzawakomera mtima koposa wakale. Tebulo lozungulira silidayankhe funso lobisika lija. Lidangolola yense kuwerenga monga adafunira, awa n'kumati mbali ndi ziwiri, awo n'kumati ndi zinai.

Phunziro lotuluka m'mbiri imeneyi ndi ili: kankhani kakang'ono kakakula mopitirira muyeso wake, anthu anzeru n'kumakangana nako tsiku ndi tsiku, kawirikawiri pansi pake pamakhala nkhani ina imene akuopa kuitchula, kapena pamakhala wina amene akupindula ndi kuchedwako.

3. Zimene zimasokeretsa nkhani

Choyamba ndi mantha. Funso lenileni limafuna yankho lopweteka: wina alipire, wina apepese, wina atule pansi udindo. Pa mlandu wa banja, mwamuna amene wafunsidwa kumene kudapita ndalama za fodya amafulumira kudandaula za ndiwo zopanda mchere. Ndipo ankhoswe osachenjera amatha tsiku lonse akuweruza za mchere.

Chachiwiri ndi kukonda zophweka. Mphunzitsi wina wa mbiri wa ku England, C. Northcote Parkinson, adalongosola zimenezi ndi fanizo m'buku lake lotchedwa Parkinson's Law, limene lidatuluka ku America mu 1957 ndi ku England mu 1958. M'fanizolo komiti ina ili ndi nkhani zingapo. Ina ndi ya chimakina cha mphamvu ya atomiki, cha mapaundi 10,000,000. Imeneyi aivomera m'mphindi ziwiri ndi theka, pakuti ambiri saimvetsa ndipo achita manyazi kufunsa. Yotsatira ndi ya chisakasa chosungiramo njinga, cha mapaundi 350. Imeneyi iwatengera mphindi 45, pakuti aliyense adziwa za njinga ndi za malata. Yachitatu ndi ya khofi womwa pa misonkhano, wa mapaundi 21 pa chaka. Pa imeneyi akangana ola lathunthu ndi mphindi 15, naisiyira msonkhano wina. Ndi fanizo chabe, koma amene adakhalapo m'komiti alizindikira msanga. Nkhani imakhala ngati madzi: imatsetserekera kumene aliyense angathe kuponyapo mau, ngakhale kuti chofunika chili kumtunda.

Chachitatu ndi zakukhosi. Anthu ambiri amadza ku msonkhano atasenza madandaulo akale amene sadapeze powatulira. Akulu adati mlandu suola. Tsono munthu wotere akaona bwalo ladzaza, amaona ngati tsiku lake lafika, ndipo kampata kalikonse kamkwanira kulowetsapo nkhani yake. Kumene anthu sapatsidwa malo onenera madandaulo ao, misonkhano yonse imasanduka ya madandaulo.

Chachinai ndi kufuna kumveka. Alipo amene amaona kuti kutuluka mu msonkhano osalankhulapo n'kuchepa. Ndipo popeza alibe chonena pa funso lenileni, amanena chimene ali nacho. Ena amatola liu limodzi lolakwika m'mau a mnzao, kapena tsiku limene walitchula molakwa, naliwongola, ndipo bwalo lonse litsata kuwongolako.

4. Si kupatuka konse kumene kuli koipa

Pano pafunika kusamala, pakuti wapampando amene amadula aliyense wotchula chinthu chatsopano amaononga msonkhano mwa njira inanso. Mafunso obuka pakati pa nkhani ali a mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kasamalidwe kake.

Ulipo mtundu wa funso lotsogola, limene liyenera kuyankhidwa loyamba lisanayankhidwe. Pa msonkhano wa mjigo uja wina akadafunsa kuti, "Kodi m'thumba la komiti mwatsala ndalama zingati za zopereka zakale?" sakadasokeretsa nkhani konse, pakuti anthu sangadziwe zoti asonkhe asanadziwe zimene zilipo. Funso lotere lilandiridwe, liyankhidwe msanga, kenaka anthu abwerere. Ngakhale ku Paris kuja funso la Front lidali la mtundu umenewu; choipa chidali chakuti lidavala chovala cha tebulo m'malo moonekera ndi nkhope yake.

Ulipo mtundu wa funso la pambali, limene lili loona ndi lofunika, koma loyamba lingathe kuyankhidwa popanda ilo. Malire a minda ndi nkhani yaikulu ndithu, koma mjigo ungakonzedwe malirewo asanaweruzidwe. Funso lotere lisanyozedwe. Lilembedwe, lipatsidwe tsiku lake.

Ulipo mtundu wa funso lothawira, limene cholinga chake n'kuchotsa maso a anthu pa nkhani ndi kuwaika pa munthu: "Kodi amene akulankhulayu adasonkhapo liti?" kapena "Mkamwini angatiuze chiyani pamudzi pano?" Limeneli likanidwe pomwepo, mwaulemu koma mosazengereza.

Muyeso wosiyanitsira mitunduyi ndi wapafupi. Wapampando adzifunse mumtima: kodi funso loyamba lingayankhidwe ili lisanayankhidwe? Ngati silingathe, latsopanolo ndi lotsogola. Ngati lingathe, ndi la pambali. Ngati latsopanolo likufunsa za wolankhula m'malo mwa zimene walankhula, ndi lothawira.

5. Njira zimene akale adapeza

Mu mzinda womwe uja wa Paris, zaka 700 nkhani ya tebulo isanachitike, mudali sukulu yaikulu m'mene aphunzitsi ndi ophunzira ankatsutsana poyera pa mafunso ozama. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kumeneko kawiri, ndipo mabuku ake asonyeza dongosolo limene ankatsata. Choyamba funso linkaikidwa m'mau amodzi ofuna yankho la inde kapena ai. Kenaka zinkanenedwa zifukwa za mbali imodzi, chimodzichimodzi, ndi chifukwa cha mbali inayo. Pambuyo pake mphunzitsi ankapereka yankho lake, ndipo potsiriza ankabwerera ku zifukwa za otsutsa zija, nayankha chilichonse pachokha, kuti pasakhale wodandaula kuti mau ake adatayidwa. Buku lake lalikulu lotchedwa Summa Theologiae lili ndi mafunso 512, ogawidwa m'timafunso 2,669, ndipo tonse tidamangidwa mwa njira imeneyi. Funso lalikulu linkadulidwa m'tizigawo, kuti anthu asagwire ziwiri nthawi imodzi.

Nanga mafunso a pambali ankapita kuti? Sadatayidwe ai. Kawiri pa chaka, pa nyengo ya Adiventi ndi ya Lenti, kunkachitika mtsutso wapadera m'mene aliyense adali ndi ufulu wofunsa chilichonse chimene adafuna, ndipo mphunzitsi ankasonkhanitsa mafunsowo, nawaika m'dongosolo, nawayankha. Anthu amalola kusunga funso lao ngati adziwa kuti tsiku lake lilipodi.

M'masukulu a pambuyo pake, ndi m'maseminale kufikira zaka za m'ma 1900, mudalinso lamulo lina lothandiza: woyankha ankayamba wabwereza mau a womtsutsa, kenaka n'kunena chimene avomera, chimene akana, ndi chimene chifunika kusiyanitsa. Munthu amene wakakamizidwa kubwereza mau a mnzake sangathe kuyankha zimene mnzakeyo sadanene.

Nyumba za malamulo nazo zidalimbana ndi nthenda yomweyi. Ku London, kuyambira 1882, Sipikala wa House of Commons ali ndi mphamvu yokhazika pansi phungu amene aumirira kulankhula zosakhudza nkhani, kapena kubwerezabwereza zonenedwa kale. Ku America, msilikali wina wodziwa zomangamanga, Henry Martyn Robert, adapemphedwa kuyendetsa msonkhano m'tchalitchi ku New Bedford mu 1863, ndipo msonkhanowo udamkanika. Manyazi a tsikulo adamchititsa kuphunzira malamulo a misonkhano, ndipo mu 1876 adatulutsa buku limene lidziwika ndi dzina lakuti Robert's Rules of Order, lotsatidwa ndi mabungwe ambiri kufikira lero. Mwa malamulo ake akuluakulu muli awa: msonkhano ugwire nkhani imodzi pa nthawi imodzi; wapampando anene nkhaniyo momveka isanakambidwe, ndi kuinenanso anthu asanavote; ganizo losintha nkhani likhale lokhudza nkhaniyo; ndipo wolankhula alunjike kwa wapampando, osati kwa mnzake, asatchule zolinga za mumtima mwa wina.

Nzeru imeneyi si ya kunja kokha. Pa bwalo la mfumu loyenda bwino, wodandaula amayala mlandu wake osadulidwa, woyankha naye chimodzimodzi, ndipo nduna imabwereza mutu wa mlanduwo kuti onse aumve mofanana. Wina akalowetsa nkhani ina amauzidwa kuti umenewo ndi mlandu wina, adzabwere nao tsiku lake. Ankhoswe okhwima amachitanso chomwecho. Anthu a m'maiko otalikirana, osadziwana, adafika pa mankhwala amodzimodzi: funso limveke, likhale ndi mlonda, ndipo mafunso ena akhale ndi posungira.

6. Nchito ya wapampando ndi ya onse

Kuchokera m'zonsezi mungatengedwe malangizo asanu ndi limodzi, oyenera msonkhano uliwonse, waukulu ndi waung'ono womwe.

Loyamba: funso likonzedwe msonkhano usanayambe, ndipo likhale funso ndithu, osati mutu chabe. "Za mjigo" ndi mutu, ndipo pansi pa mutu wotere pangalowe chilichonse. "Banja lililonse lisonkhe zingati, pofika liti?" ndi funso, ndipo anthu adziwa pamene layankhidwa.

Lachiwiri: funsolo lilembedwe pa bolodi kapena pa pepala pamene onse angalione, ndipo linenedwenso obwera mochedwa akakhala pansi.

Lachitatu: wapampando awerenge madumpho. Anthu awiri akalankhula motsatizana osatchula funso loyamba, nthawi yobweza nkhani yakwana. Wachitatu akalankhula, kubweza kumavuta, pakuti mitima yatentha kale.

Lachinai: kubweza kuchitike mwaulemu, makamaka kwa akuluakulu, pakuti munthu wochititsidwa manyazi pagulu amaleka kuthandiza msonkhano. Wapampando angathe kunena kuti, "Zikomo agogo, mau anuwo ndi akulu, ndipo alembi awalemba kuti tidzawaone Loweruka likudzali pamodzi ndi amfumu. Koma pa za chopereka cha mjigo, inu mukutilangiza zotani?" Mwa njira imeneyi wolankhulayo walemekezedwa, nkhani yake yasungidwa, ndipo wabwezedwa ku funso ndi dzanja lofewa. Koma lonjezolo lisungidwe. Pakuti zolembedwazo zikapanda kudzakambidwa, tsiku lina palibe amene adzalola kudikira.

Lachisanu: kankhani kakang'ono kakakana kutha, wapampando aleke kulimbana nako, afunefune chimene chabisala pansi pake. Anthu akakangana maola awiri pa za amene asunge kiyi wa mjigo, mwina nkhani yeniyeni ndi yakuti sakhulupirira msungichuma. Chotere chikambidwe mwanzeru, poyamba ndi anthu ochepa ngati kufunika, koma chikambidwe ndithu. Pakuti bala lophimbidwa silipola.

Lachisanu ndi chimodzi: msonkhano usatsekedwe mlembi asanawerenge funso loyamba ndi yankho lake, ndiponso dzina la amene achite nchitoyo ndi tsiku lake. Ngati yankho silidapezeke, anthu auzidwe zoona, kuti asapite kwao akuyesa kuti amanga kanthu.

Malangizo omwewa athandiza mphunzitsi m'kalasi. Wophunzira akafunsa za pambali pakati pa phunziro, mphunzitsi asamkalipire, pakuti kufunsa ndiko kudziwa njira. Komanso asataye phunziro lonse potsata funsolo, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Aliyamikire, alilembe pambali pa bolodi, nasiye mphindi zingapo kumapeto zoliyankhira.

Komabe katundu yense asasenzetsedwe wapampando yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Yense wofuna kuimirira ayambe wadzifunsa: kodi mau angawa akuyankha funso, kapena akuyankha munthu? Kusunga funso ndi nchito ya chilungamo kwa anthu amene sali pa msonkhanopo koma akudikira yankho lake: ana a m'kalasi lodontha, wodwala wogona yekha, amai otunga ku dambo. Iwowa sapindula ndi kuchuluka kwa mau, koma ndi chimene chamangidwa.

Mafunso okambirana

1. Pa msonkhano wa mjigo uja, kodi wapampando akadalowererapo pa mau a yani, ndipo akadanena zotani?

2. Ndi funso liti limene lidabisala pansi pa mkangano wa tebulo la ku Paris? Nanga pa misonkhano ya kuno, ndi tinkhani totani timene timabisa nkhani zazikulu?

3. Ophunzira apereke chitsanzo chimodzi cha funso lotsogola, chimodzi cha funso la pambali, ndi chimodzi cha funso lothawira.

4. Kodi m'mphakati kapena m'komiti muli nthawi yoikika yomvera madandaulo ndi mafunso osungidwa? Ngati mulibe, ingaikidwe liti?